Nyongolotsi zanga zasowa m'munda

Wofunsa: Anzanga, ndinatapa nyongolotsi zofiira pamulu wa manyowa n'kukazithira m'munda kuti zifewetse nthaka. Patatha sabata ndakumba, palibe ndi imodzi yomwe. Ndalakwitsa pati?

Yankho loyamba: Achimwene, nyongolotsi sizofanana. Zofiirazo, monga Eisenia fetida, zimakhala pamwamba m'zinyalala zowola, sizikumba pansi. Pamtetete zimafa ndi dzuwa kapena kutoledwa ndi mbalame.

Yankho lachiwiri: Zofewetsa nthaka ndi zotuwa zija, zokumba cham'mbali uku zikudya dothi. Koma ine ndimakonda zikuluzikulu ngati Lumbricus terrestris. Una wake umatsika choongoka mpaka mamita 2, usiku imakokeramo masamba ouma, ndipo madzi a mvula amalowera momwemo. Anazigawa m'magulu atatuwa ndi katswiri wa nyongolotsi wa ku France, Marcel Bouché, m'ma 1970.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Zotsalazo ndizisiya pamanyowa, munda ndiuphimba ndi udzu.