Makalasi a masabata 6, mtengo ndiuike bwanji pa booking system?

Nachisale_Makeke:
Moni nonse, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa kuphika ndi kukongoletsa makeke ku Area 25, Loweruka lililonse kwa masabata 6, anthu 8 basi poti uvuni ndi umodzi. Mphwanga anandipangira kawebusayiti pa WordPress nkuikamo plugin yoti anthu azibukitsa okha. Ndiye ndikalemba K90,000 system ikutenga ngati ndi mtengo wa tsiku limodzi, munthu akasankha masiku onse ikumuuza K540,000 ndipo akungothawa osafunsanso. Ndikalemba K15,000 pa tsiku anthu akungotola Loweruka la icing ndi la fondant, masiku ophunzira kuyeza fulawa ndi kusakaniza palibe akubwera, chonsecho keke imayambira pamenepo. Ine ndikufuna munthu alipire kosi yonse kamodzi. Ndipange bwanji?

KondwaniWaIT:
Achemwali, mwina mwaisetinga ngati recurring event, ndiye kompyuta ikuona makalasi 6 osiyana, lililonse ndi tikiti yake komanso mipando yake. Pangani event imodzi yokha, mkati mwakemo muonjezere madeti onse 6, tikiti imodzi K90,000, capacity 8. Ma plugin ena amaitcha series pass, ena package, ena course, dzina lisakusokonezeni, chofunika nchakuti munthu akagula kamodzi mpando wake utsekeke masiku onse. Mukamaliza bukitsani nokha pa foni ngati kasitomala muone ndalama yomwe ikutuluka ndi uthenga womwe ukubwera, madeti onse aoneke mmenemo.

MayiWaSingano:
Asisi ine ndimaphunzitsa zosoka ku Ndirande, za kompyutazo achimwene anena kale, ine ndinene za ndalama. Ngati mukufuna kusiyako mpata wa obwera tsiku limodzi musagawe 90 ndi 6 ayi. Wa tsiku limodzi alipire 22 kapena 25 pin, aone yekha kuti kosi yonse ndi yotchipa. Komanso mipando ya oterowo ikhale iwiri yokha, apo bii wina wa tsiku limodzi adzatenga mpando wa sabata yachinayi ndipo amene amafuna kosi yonse system idzamukana kuti kwadzadza, inu mwataya 90 chifukwa cha 25.

China, musatsegule booking ya miyezi itatu kutsogolo pa mtengo wa lero. Mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anali atalandiriratu ndalama anagula zipangizo pa mtengo watsopano ndi ndalama yakale. Inu zanu ndi shuga, majarini, mazira, zinthu zosachedwa kukwera, ndiye gulu lililonse lizikhala ndi mtengo wake, mukamatsegula lina muwerengenso.

Nachisale_Makeke:
Zikomo kwambiri nonse, za mipando ija sindinaziganizire. Koma nanga amene sangakwanitse 90 kamodzi? Ambiri ndi azimayi a geni, amapeza pang'onopang'ono, sindikufuna kuwatsekera kunja. Ndiye pali ena amabwera sabata yachiwiri kalasi itayamba kale.

KondwaniWaIT:
Onani ngati plugin yanu ili ndi deposit, ambiri ali nayo koma nthawi zina mu version yolipira. Muike theka pobukitsa. Za kalipiridwe dziwani kuti ma system ambiriwa amadalira Stripe, gateway yakunja yolandirira ndalama pa intaneti, yomwe bizinesi ya ku Malawi singatsegule akaunti, ndiye mufunika gateway yakonkuno ngati PayChangu yolandira Airtel Money ndi Mpamba, kapena anthu azikutumizirani pa nambala inu nkumatsimikiza booking pamanja. Gateway imadulako kake pa ndalama iliyonse, muziwerengeretu mu mtengo. Ochedwawo apangireni coupon yochotsa mtengo wa tsiku lomwe aphonya, osasintha mtengo wa event, zingasokoneze malisiti a omwe analipira kale.

MayiWaSingano:
Theka lotsalalo likhale litalowa lisanafike Loweruka lachitatu asisi, ndipo mulembe poyera pa tsamba lobukitsira kuti wojomba sabwezeredwa ndalama koma atha kudzalowa tsiku lomwelo ndi gulu lotsatira. Wochedwa ndi sabata imodzi mulandireni, wa masabata awiri adikire gulu linalo, kupanda kutero mudzakhala mukubwereza za kuyeza fulawa anzake 7 atagwira ma piping bag kukudikirani.