Thandizeni: achimwene akulephera kusiya fodya, chibaba chimawagonjetsa tsiku lachitatu

Moni nonse pagulu pano. Ndikufunsira achimwene anga, azaka 46, okhala ku Lilongwe. Amasuta ndudu pafupifupi 20 patsiku, ndalama zikavuta amapichira chingambwe. Ndudu yoyamba amayatsa asanasukusule n'komwe, ndipo chifuwa cha m'mawa chija tsopano chikumveka mpaka kuseri kwa nyumba.

Anayesa kusiya kamodzin'kamodzi, kawiri konse. Tsiku lachitatu, pomwe chibaba chimafika pachimake, tulo sitibwera, mutu kuwawa, kukalipira ana popanda chifukwa, basi n'kubwereranso. Kuchepetsa pang'onopang'ono nakonso kunakanika, chifukwa ndudu zochepazo amazikoka mwamphamvu mpaka kumchira.

Kenako tinagula chingamu cha nikotini (mankhwala a mufodya amene amayambitsa chibaba) cha 2 mg. Apa ndikuona kuti tinalakwitsa katatu. Munthu wosuta pasanathe mphindi 30 atadzuka amafunika cha 4 mg. Komanso ankachitafuna mosalekeza n'kumameza malovu, m'malo motafuna pang'ono n'kuchisunga m'tsaya, ndiye chinangowapatsa nseru ndi chilungulira. Ankachitafunanso akumwa khofi, zomwe zimalepheretsa nikotini kulowa bwino m'kamwa.

Tsopano tikuganiza za zomata pakhungu za nikotini, kuyamba ndi 21 mg, kenako 14, pomaliza 7. Mafunso anga ndi awa: zimapezeka m'mafamase ati ku Lilongwe, ndipo pamtengo wanji? Wosuta chingambwe, chopanda fyuluta, mlingo wake mumawerengera bwanji? Achimwenewo amamwanso mankhwala a BP. Kodi kuphatikiza chomata ndi chingamu n'kotheka, kapena ayambe aonana ndi adokotala? Amene munadutsa sabata yoyamba ija, chonde tiuzeni chomwe chinakuthandizani.