Nkhani zopeka za munthu wosintha kukhala mkazi kapena mwamuna ali pa banja: owerenga amagawikana pati?

Nachisale

Ndikufuna maganizo a inu amene mumalemba, kukonza kapena kuphunzitsa nkhani zopeka. Nkhani ikakhala ya munthu wa pa banja amene wasintha, tinene kuti anabadwa ndi thupi lachimuna ndipo tsopano akukhala monga mkazi, owerenga amagawikana pawiri. Ena amati mlembi wamulakwira wosinthayo pomuonetsa ngati wodzikonda wopasula banja. Ena amati mkazi wake alibe moyo wakewake m'bukumo, ntchito yake ndi kulira masamba awiri kenako n'kuvomera zonse. Chodabwitsa n'chakuti madandaulo awiriwa amatha kugwera buku limodzi lomwelo. Kodi vuto limakhala pa msimbankhani, pa tsatanetsatane wa nkhani, kapena pa mathero? Nanga mlembi angaziyese bwanji zolemba zake asanazitulutse?

Kamwendo

A Nachisale, kawirikawiri vuto limakhala pa nthawi. Anthu awiriwa sayambira tsiku limodzi. Wosinthayo amakhala atalimbana nayo nkhaniyi mumtima zaka 20 kapena 30, wadzikana, wayesa kuiwala, mwina analowa m'banja akuganiza kuti maganizowo atha. Kwa iye tsiku loulula ndi tsiku lotula katundu. Mnzakeyo amaimva nkhaniyi usiku umodzi, ndipo katundu wotulidwayo ndi amene iye akuyamba kusenza. Mlembi akatsata nthawi ya wosinthayo yekha, mkazi uja amaoneka wouma mtima, wochedwa kumvetsa zinthu zimene owerenga anazimvetsa kalekale. Akatsata ya mkaziyo yekha, wosinthayo amaoneka ngati wadzuka nazo m'mawa n'kuyamba kuthamanga.

Poyesa, tengani pepala mujambule mizere iwiri. Pa mzere wa wosinthayo lembani chaka chimene anadziwa, tsiku limene anauza munthu woyamba, tsiku loyamba mankhwala, ndi tsiku limene anatuluka pagulu ndi dzina latsopano. Pa mzere wa mnzake lembani tsiku limene anayamba kukayikira, tsiku limene anauzidwa, tsiku limene anauza m'bale wake, ndi tsiku limene anafunsidwa koyamba ndi munthu wakunja. Pamene mizereyi yatalikirana kwambiri ndi pamene pali magawo amphamvu a nkhani yanu. Mwachitsanzo, ngati wosinthayo anauza dokotala ndi mnzake wa kuntchito miyezi isanu asanauze mkazi wake, mkangano weniweni wa m'nyumbamo ukhala wa miyezi isanu imeneyo kuposa wa zovala kapena dzina.

Kenako werengani magawo. Ngati mwa magawo 30, okwana 26 akuonedwa ndi maso a munthu mmodzi, mwadziwiratu gulu la owerenga limene lidzadandaule.

Chinanso ndi malo a kuulula. Kukachitika pa tsamba loyamba, owerenga sanalione banjalo lili pamtendere, choncho samva chimene chikutayika. Kukasungidwa mpaka kumapeto ngati chodzidzimutsa, wosinthayo wasanduka msampha wotchera owerenga, ndipo anthu osinthawa, amene amatchedwa a transgender, amadana nako kwambiri kalembedwe kameneka chifukwa kamawaonetsa ngati achinyengo. Malo abwino ndi chakumapeto kwa chigawo choyamba mwa zigawo zinayi za bukulo.

Dzoole

Zimene anena a Kamwendo n'zoona, koma owerenga odziwa amasiya kukhulupirira buku pa zinthu zina zazing'ono: thupi likamasintha mwa liwiro losatheka. Alembi ambiri amalemba ngati munthu amamwa mankhwala lero n'kudzuka wina mawa.

Wosintha kukhala mkazi amapatsidwa mahomoni achikazi otchedwa estradiol, nthawi zambiri pamodzi ndi mankhwala monga spironolactone kapena cyproterone ochepetsa mphamvu ya mahomoni achimuna otchedwa testosterone. Chilakolako chogonana chimayamba kutsika m'mwezi woyamba mpaka wachitatu. Mabere amayamba kutuluka pakati pa miyezi 3 ndi 6, koma amatenga zaka 2 kapena 3 kuti afike pomwe angafike. Mawu sasintha ndi estradiol ngakhale pang'ono, amafuna kuphunzitsidwa kalankhulidwe kapena opaleshoni ya pakhosi. Ndevunso sizitha zokha, zimachotsedwa ndi makina a laser kapena a magetsi (electrolysis), maulendo ambirimbiri opitirira chaka.

Wosintha kukhala mwamuna amalandira testosterone, wobaya kapena wopaka. Msambo umasiya pakati pa miyezi 2 ndi 6, mawu amayamba kukula m'chaka choyamba ndipo akakula sabwereranso, pamene ndevu zimatenga zaka 3 mpaka 5 kuti zidzaze. Kwa iye chilakolako chimakwera. Testosterone si njira yolerera, munthu akhoza kutenga pakati msambo utasiya, ndipo alembi ambiri amalakwitsa pamenepa.

Zimenezi zikukhudza banja mwachindunji. Mmodzi chilakolako chikatsika kapena kukwera m'miyezi yoyambirira, chipinda chogona chimasintha anthu akunja asanaone kanthu. Fungo la thupi nalonso limasintha, ndipo woyamba kuzindikira ndi amene amagona naye. Koma gawo lolemera koposa, lomwe mabuku ambiri amalidumpha, ndi la ana. Mahomoni amachepetsa mphamvu yobereka, choncho madokotala amalangiza kusungitsa umuna kapena mazira asanayambe. Banja limene linkafuna mwana liyenera kugamula nkhaniyi mankhwala asanayambe, pa nthawi imene sakudziwa n'komwe ngati akhalabe limodzi.

Musaikenso opaleshoni ngati pampondachimera pa buku lililonse. Ambiri sachita opaleshoni ya kumaliseche, kaya chifukwa cha ndalama, thanzi kapena kusafuna. Amene achita, kuchira kwake kumatenga miyezi, ndipo wosamalira wodwalayo amakhala mnzake yemwe uja. Ndipo ngati nkhani yanu ikuchitika masiku ano, dokotala wa m'bukumo asamalankhule ngati akuchiza misala: bungwe la WHO linachotsa nkhaniyi m'gulu la matenda a maganizo mu ICD-11, ndandanda yake ya matenda yomwe inavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022.

Nangozo

Ndionjezepo za malamulo, chifukwa nthawi zina chimene owerenga amachiyesa nkhanza za mpangankhani chimakhala lamulo la dziko ndi chaka chimene nkhaniyo yaikidwa. Ku Britain, lamulo la 2004 linkafuna kuti munthu wa pa banja athetse kaye ukwati asanalandire chikalata chokwanira chomuzindikira monga mkazi kapena mwamuna. Kuyambira 2014, ku England ndi Wales ukwati ukhoza kupitirira, koma mnzakeyo ayenera kusaina kuti wavomera. Ku Germany khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa lamulo lokakamiza kusudzulana mu 2008. Ku Japan lamulo la 2003 linaika kuti wosintha pa zikalata akhale wosakwatira. Ndiye banja lokondana likhoza kusudzulana pa pepala lokha, ndipo lina likhoza kumangana pa siginecha imodzi. Jan Morris, mlembi wa ku Britain, anachitidwa opaleshoni yosintha kukhala mkazi ku Casablanca mu 1972, anasudzulana ndi mkazi wake Elizabeth, koma anapitiriza kukhala nyumba imodzi mpaka anamanganso mgwirizano wovomerezeka ndi boma mu 2008.

Samalaninso mukabwereka moyo wa anthu enieni. Buku la David Ebershoff la 2000, The Danish Girl, ndi filimu yake ya 2015, zinachokera pa moyo wa Lili Elbe, yemwe anasintha kukhala mkazi, ndi mkazi wake Gerda Wegener. Mu filimu, Gerda ali pambali pa Lili pomwalira. Zoona zake n'zakuti ukwati wawo unathetsedwa mu 1930, Gerda anakwatiwa ndi mwamuna wina wa ku Italy, ndipo sanalipo pamene Lili anamwalira ku Dresden mu 1931. Odziwa mbiriyi anadandaula kuti mkaziyo anasandutsidwa wopirira wangwiro, moyo wake weniweni n'kufafanizidwa.

Chimtengo

Ine ndikusiyana pang'ono ndi a Kamwendo pa kuwerenga magawo. Buku la msimbankhani mmodzi likhoza kuchitira chilungamo onse awiri. Chofunika n'chakuti pa mkangano uliwonse, munthu amene sitili m'mutu mwake apatsidwe mawu amene mwininkhani akulephera kuwayankha. Ngati mkazi anena kuti "Ndinakwatiwa ndi mwamuna chifukwa ndimakonda amuna, nanga ine ndisinthe chiyani?", funso limenelo lisiyidwe lili chiimire. Mlembi akaliyankha msanga ndi ulaliki, theka la owerenga latseka buku. Chimodzimodzinso wosinthayo akanena kuti "Ndikadapitiriza kubisa ukadaika maliro."

Pa mathero m'pamene ambiri amapsera mtima. Imfa ya wosinthayo yagwiritsidwa ntchito mopitirira muyeso, moti owerenga amaiona ikubwera kutali n'kuitenga ngati chilango. Kukhalabe limodzi kumakhulupirika pokhapokha mwaonetsa mtengo wake: mkazi uja tsopano anthu amuona ngati wokwatirana ndi mkazi mnzake, zomwe iye sanasankhe, ndipo abale ena asiya kubwera. Kusiyana nakonso si kulephera kwa nkhani, bola pasakhale wopezeka wolakwa pa tsamba lomaliza. Ndipo chonde, mnzakeyo akhale ndi chofuna china m'moyo, kaya ngongole, ntchito kapena mayi wodwala, chosakhudzana ndi kusinthaku.

Poyesa zolemba, pezani owerenga osachepera awiri amene anasintha, ndi awiri amene mnzawo wa pa banja anasintha, mmodzi wotsala ndi mmodzi wochoka. Apatseni padera, asakambirane. Musawafunse ngati alikonda bukulo. Afunseni tsamba limene anasiya kukhulupirira, ndi mpangankhani amene akuona kuti akulankhula mawu a mlembi m'malo mwa ake. Onse akaloza tsamba limodzi, konzani. Akaloza masamba osiyana, aliyense poteteza wake, mwina palibe chokonza.

Nachisale

Zikomo nonse. A Chimtengo, nanga dzina? Owerenga ena amakwiya msimbankhani akamatchulabe dzina lakale, ena amasokonezeka likasintha pakati pa buku.

Chimtengo

Siyanitsani msimbankhani ndi apangankhani. Msimbankhani wongofotokoza ali kunja asinthe dzina kamodzi, pa tsamba limene mwininkhani walisankha, ndipo asabwererenso, ngakhale pokumbutsa zakale ngati n'kotheka. Apangankhani ndiye asinthe aliyense pa nthawi yake. Lembani pambali mndandanda wa amene ayambe ndi amene atsirize, chifukwa owerenga amatsata zimenezi mosamala kuposa momwe alembi amaganizira. Ngati wosimba ndi mkazi wakeyo, akhoza kuphonya, kubwerera ku dzina lakale atakwiya, kapena kukhala magawo angapo osatchula dzina lililonse, ndipo owerenga amavomereza chifukwa akuona kuti ndi munthu akuvutika, si mlembi akunyoza.

Ana muwaganizire paokha. Pali mabanja amene ana amapitiriza kunena kuti ababa ngakhale kholo lasintha, pali ena amene amapeza dzina lina lachikondi, ndipo mayi wobereka nthawi zina safuna kugawana ndi wina dzina loti amayi. Sankhani njira imodzi, muonetse amene waipempha ndi amene yamupweteka, ndipo mwana wa zaka 5 asalandire nkhaniyi mofanana ndi wa zaka 15.