Wailesi ya amateur: malo ndi ochepa, antenna ya waya iti ingagwire ma band a mamita 40 mpaka 10?

Wamawaya: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Kuseri kwa nyumba kuli mamita 14 basi, mtengo umodzi kumpanda ndi polo ya mamita 7 pakhoma. Ndikufuna ma band a mamita 40, 20, 15 ndi 10 pa antenna ya waya umodzi. Dipole (waya wolumikizidwa pakati) ya 40 ikufuna mamita 20, sikukwana. Antenna ya G5RV ya mamita 31 ndiye osayamba n'komwe. Pano ndili ndi random wire (waya wautali uliwonse) pa unun (katransifoma kolumikizira waya ku coax, chingwe chopita ku wailesi) ya 9:1, koma tuner (chogwirizanitsa antenna ndi wailesi) ya mu rig, wailesi yangayo, ikungokhetchera kenako n'kukana pa 40. Ndikakanikiza PTT (batani lolankhulira) pa 100 W, USB ya kompyuta ikuthawa. Nditani?

Madala a CW: Doublet, achimwene. Waya uliwonse umene ungakwane, wolumikizidwa pakati ndi ladder line (mawaya awiri oyenda ngati makwerero) ya 450 ohm, tuner yapanja. Nkhani yatha.

Chisa cha Toroid: Mamita 14 asakuopseni, waya sufuna kuwongoka. Ikani EFHW (end fed half wave, waya wolumikizidwa kumapeto) ya mamita 20 ndi unun ya 49:1. Mamita 6 akwere ndi polo, otsalawo apite kumtengo ngati inverted L. Imagwira ma band anayi onsewo chifukwa ndi ma harmonic a 7 MHz. Dulani wautaliko, muzipinda kumapeto mukuyang'ana analyser (chida choyezera antenna), osathamangira pulayazi. Koma choke (chotchinga mphamvu ya signal kuti isabwerere m'nyumba) pa coax musaiwale, apo ayi USB yanuyo izithawabe.

Madala a CW: EFHW ija antenna yeniyeni ndi coax yanu. Ndicho chifukwa RF (mphamvu ya signal) ikulowa m'nyumba. Doublet ilibe zimenezo.

Mayi QRP: Madala, ladder line adutsitsa pati? Siifuna kugunda malata kapena mabagala a pawindo. Ndipo tuner za mu rig zambiri zimathera pa SWR (muyeso wa kusagwirizana kwa antenna ndi wailesi) ya 3:1, ndiye kuti agulenso ina.

Usiku pa 40: Za choke zo mverani. Ine end fed yopanda choke inandiluma mlomo pa maikolofoni mpaka chithuza. Usiku womwewo aneba anabwera atanyamula sipika yawo, akuti mawu anga akutulukira m'menemo wailesi ili yozima. Ndinapanga choke pokulunga coax ya RG-58 maulendo 12 pa mphete ya ferrite ya FT240-31, phokoso la pa receive nalo linatsika.

Chisa cha Toroid: China, ngati mumakonda FT8 (kutumiza mauthenga ndi kompyuta) musakhulupirire 100 W yolembedwa pabokosi la unun. Core (mphete ya ferrite ya mkatimo) imodzi ya mtundu wa 43 imatentha, mudzaona SWR ikukwera yokha pakati pa QSO (kulumikizana ndi siteshoni ina). Ya mnzathu wina bokosi linachita kupindika. Tsitsani mphamvu.

Mayi QRP: Kumapeto kwa waya kumakhala voteji yoopsa, kusafike pomwe mwana angagwire. Ndipo mawaya a magetsi akudutsa mbali iti? Polo ikagwa isawafikire. Izi yambani mwaona musanagule kalikonse.

Wamawaya: Magetsi ali kumaso, kutali. Nanga waya uli mamita 7 m'mwamba, pa 40 ndingapeze DX (masiteshoni akutali)?

Usiku pa 40: Musayembekeze zambiri. Waya wogona pansi chotero umaponyera signal m'mwamba, mudzamva apafupi. Pa 20 ndi 15 ndiye mudzasangalala.

Madala a CW: Louis Varney anapanga G5RV mu 1946, mpaka lero anthu akuimangabe. Ilipo yatheka ya mamita 15.5, mukaigwetsa ngati inverted V ikwana. Ndinanena kale, doublet.

Chisa cha Toroid: Yathekayo pa 15 imavuta madala, mukudziwa.

Madala a CW: Ndi tuner yabwino sivuta. Inu tuner yanu ndi iti?