Bwalo kapena mjigo? Za ku Corofin zabwera pagulu

Wapampando: Moni nonse. Ndalama tinasonkha ija ili kwa msungichuma. Maganizo alipo awiri: kukonzetsa mjigo wa pasukulu, kapena kubweretsa gireda isalaze bwalo la mpira. Amalume a ku Ireland apempha kuti ayambe ndiwo.

Amalume a ku Tuam: Zikomo a Wapampando. Ine ndili kumbali ya bwalo, ndipo wandikopa ndi mudzi wina kuno wotchedwa Corofin, pafupi ndi Tuam m'dera la Galway. Mukafikako mungaseke: tchalitchi, mabusa a ng'ombe, nyumba apo ndi apo, basi. Koma timu yawo ya Gaelic football yatenga chikho cha makalabu a Ireland yense kasanu: 1998, 2015, kenako 2018, 2019 ndi 2020. Katatu kondondozana, chinthu chomwe kalabu ina iliyonse inali isanachitepo. Mu 2018 anakumana ndi Nemo Rangers ya mumzinda wa Cork, eni zikho 7, koma anaiswa ngati akusewera ndi ana asukulu.

Achemwali a ku Joni: Amalume, si mpira uja aliyense amagwira ndi manja ngati onse ndi agoloboyi?

Amalume a ku Tuam: Womwewo mwanangu. Mbali iliyonse anthu 15. Mitengo ya golo ndi yaitali: mpira ukadutsa pamwamba pa mtanda ndi pointi imodzi (kapena mapointi awiri ukamenyedwa kuchokera patali), ukagwedeza ukonde ndi mapointi atatu. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti palibe wolandira malipiro. Amasewera ndime yomaliza ku Croke Park, bwalo lolowa anthu oposa 82,000, ikatha wina abwerera kukaphunzitsa, wina kukakama mkaka.

Msungichuma: Nkhani yokoma, achimwene, koma mwana samwa chikho. Kumeneko mvula imagwa chaka chonse ndipo mpopi uli m'nyumba. Kwathu amayi akutunga kudambo pamodzi ndi ng'ombe chifukwa mjigo unafa. Ine sindisaina cheke cha gireda.

Aphunzitsi opuma: Ndifunse pang'ono. Anyamata omwe anatenga zikhozo anawagula kuti?

Amalume a ku Tuam: Sanagule, aphunzitsi. Mwambo wa GAA, bungwe lawo lomwe linayamba mu 1884, ndi woti munthu amasewerera kwawo, kawirikawiri parishi yomwe anakulira. Timu imadzaza ndi pachibale, apa abale a bere limodzi, apo asuweni. Kilcoo ya m'dera la Down, imene Corofin anaigonjetsa mu nthawi yoonjezera mu 2020, ndi ya kumudzinso, ndipo mu 2022 inabweranso n'kutenga chikhocho.

Aphunzitsi opuma: Ndiye mwadziyankha nokha. Chawapatsa zikho si udzu wa pabwalo, ndi ana omwe sachoka. Ife mnyamata akangodziwa kuchenya awiri, mtima uli ku Bullets kapena Wanderers, zikakanika wakwera basi ya ku Joni. Ndiponso mukukumbuka majezi tinalandira nthawi ya kampeni? Chikho chinaseweredwa kamodzi, opereka sanaonekenso, majeziwo tinkakumana nawo kumunda anthu akupalira. Ine ndaphunzitsa ana mpira wachikulunga zaka zambiri pabwalo lomweli, la zitsa ndi chulu pakona. Chinkasowa si gireda, ankasowa wamkulu wachiwiri woti andithandize.

Achemwali a ku Joni: Za basiyo musatinyoze aphunzitsi, ndalama mukukanganiranayi yabwera pa basi yomweyo. Komanso bwalo likasalazidwa, atsikana a ntchemberembaye adzapatsidwa mbali iti? Kapena ndi kuseri kwa zimbudzi ngati kale?

Amalume a ku Tuam: Apo aphunzitsi mwandigwira pakamwa. Ndimawaona kuno Loweruka m'mawa, makolo atavala majasi pamvula akuphunzitsa tiana tosatha ngakhale kumanga nsapato, mosalipidwa. Ndalama za kalabu amazipeza ndi lotale ya sabata ndi sabata, matikiti ake amagulitsana okhaokha. Komabe ana sangathamange pa zitsa.

Msungichuma: Zitsa zimachoka ndi makasu. Mjigo sukonzeka ndi khasu.

Wapampando: Tivota Lamulungu madzulo. Pakadali pano ndilankhula ndi amfumu ngati angamemeze anthu tsiku limodzi la makasu. Amene angathe kuimirira ndi ana Loweruka lililonse alembe dzina pano, a mpira ndi a ntchemberembaye omwe.

Aphunzitsi opuma: Lembani langa. Wezulo ndikadali nayo, koma bondo lamanzereli likufuna wachinyamata pambali.

Amalume a ku Tuam: Mipira iwiri ndibwera nayo mu Disembala. Yakwathu, osadandaula, osati yogwira ndi manja.