Lenzi imene ndasankha ya pamaulendo anga

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndigule lenzi ya kamera ya prime (yosakoka chithunzi pafupi kapena patali) ya 35mm f/1.8 kapena ya zoom (yokokera zinthu zakutali pafupi) ya 70-300mm, popeza ndalama zanga zinali zokwanira imodzi yokha. Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha, makamaka inu achimwene amene munandilangiza kuti ndiyambe ndabwereka zonse ziwiri.

Ku South Luangwa zoom ndiyo inathandiza, chifukwa poona nyama pagalimoto munthu sangatsike kuti ayandikire nyalugwe kapena mvuu. Koma dzuwa litapendeka inandivuta, pakuti pa 300mm imatseguka kufika pa f/5.6 basi (nambala ya f ikakhala yaikulu, bowo lolowera kuwala limakhala laling'ono), pamene f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Ndinakweza ISO, imene imawalitsa zithunzi pamene kuwala kuli kochepa, ndipo zithunzi zinatuluka ndi timadontho.

Prime ndinaiyesa mumsika wa Kapata kuno ku Chipata. Ndi yopepuka, imajambula bwino ngakhale mumthunzi wa malata, ndiponso amayi ogulitsa, amene ndinkayamba ndawapempha chilolezo, sankaiopa monga amaopera lenzi yaitali.

Ndagula prime, popeza maulendo anga ambiri ndi a kumidzi ndi kumisika. Zoom ndizibwereka ndikamapita ku Mfuwe, polowera ku South Luangwa, komanso ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kumene khamu la anthu sililola kuyandikira bwalo, ndipo kusintha lenzi m'fumbi la gule kumadetsa sensa, kachipangizo kamene kamalandira chithunzi m'kati mwa kamera.