Ngongole ya achimwene Phiri ojambula, tikambirane tisanagawane

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalemba usiku koma nkhaniyi singadikire Lachinayi, tsiku logawana ndalama za banki mkhonde yathu latsala masabata atatu basi. M'buku mwatsala ngongole imodzi yosatseka, ya achimwene Phiri ojambula aja. Anatenga K150,000 mu Ogasiti, Seputembala anabweretsa chiwongola dzanja K30,000, Okutobala zii, Novembala zii. Ndawerengera yafika K210,000, tikaika chindapusa cha miyezi iwiri ndi K220,000

Nabanda: Si 210 ayi a Mlembi. Chiwongola dzanja chikapanda kubwera chimalowa mu ngongole nkuberekanso, ine chaka chatha munandiwerengera choncho pamene mbatatesi yanga inapsa ndi chiwawu, palibe anandimvera chisoni. 150 ikhale 180, 180 ikhale 216

Mlembi: Zoona mayi chaka chatha zinali choncho, koma lamulo limenelo tinasintha mu Januwale poyamba sayiko ino, munalipo ndipo munasayina. Tinati zikufanana ndi katapila

Nabanda: Nde lamulo linasinthidwa ine nditalira kale. Chabwino

Make Tadala: Ine funso langa ndi lina. Masheya awo ndi K45,000, malamulo amati munthu atenge katatu ka masheya ake, ndiye kuti K135,000. Nanga 15 yapamwambayo anavomereza ndani? ine nditapempha ya feteleza munandidula pa katatu pomwepo

Msungichuma: Imeneyo ndiyankhe ndine. Tsikulo anthu tinali ochepa chifukwa cha maliro a ku Bembeke aja, m'bokosi munatsala ndalama palibe wina amafuna, ine ndi Mayi Tcheya tinaona kuti kusiyana nkuti igone bola ipite ikabereke. Tinalakwa posafunsa gulu lonse, sindikana

Make Tadala: Mwayankha bwino koma zilembedwe

Phiri: Amayi anga ndi abambo anga, ndawerenga zonse. Sindinathawe ndipo ngongole sindikukana ngakhale tambala imodzi. Ndiloleni ndifotokoze mmene galale yathu, malo amene timagulitsirapo zithunzi, imayendera chifukwa ena mukuganiza kuti ndili pa ntchito ya munthu amene akundimana malipiro, ayi. Malo ajawa ndi athu eni ake ojambulafe, tilipo asanu ndi mmodzi, tinasonkherana kuchita lendi chipinda chija pafupi ndi msewu wa M1 chifukwa tinatopa nkuthamangira magalimoto a alendo chithunzi chili mmanja, mvula ikunyowetsa, mapeto ake venda wa ku Lilongwe akugula pa mtengo wa nkhuku iye nkukagulitsa kasanu. Pa 150 ija, 60 ndinasonkha gawo langa la lendi ndi kupenta makoma, 90 ndinagula penti, mabulashi, nsalu yojambulapo ndi matabwa a mafelemu. Penti wabwino sapangidwa kuno, timakagula ku Lilongwe ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kachubu kamodzi mtengo wake mumachita kufunsa kawiri. Chithunzi chikagulidwa galale imachotsa 30 pa 100 iliyonse ya lendi, magetsi ndi mtsikana amene amakhala pamalopo, yotsala ndi ya mwini chithunzi

Nabanda: Nde zithunzizo zagulidwa kapena zikungokongoletsa khoma

Phiri: Chachikulu chija cha azimayi akukumba mbatatesi kumunsi kwa phiri la Dedza chinapeza wogula, mayi wina wogwira ntchito ku Lilongwe, K260,000. Anapereka theka, K130,000, akuti yotsala kumapeto kwa mwezi uno akamadzatenga. Koma lamulo lathu ndi loti dipoziti sikhudzidwa mpaka wogula amalize, chifukwa akasintha maganizo timayenera kumubwezera. Ndapempha anzanga andipatseko akana, ndipo sindiwada, lamulolo ndinaika nawo ndine. Ngati gulu likufuna chikole, nditha kubweretsa zithunzi ziwiri zina zikhale kwa Mayi Tcheya

Nabanda: Chithunzi tiphika? pa tsiku logawana ana anga akufuna fizi ya Januwale, ndikawapatse felemu? Chikole ndi mbuzi, njinga, malata. Njinga muli nayo achimwene

Bambo a Yamikani: Apa ndiye ndagwirizana ndi Nabanda. Si chipongwe koma chithunzi mtengo wake uli m'mutu mwa mwini wake. Mbuzi ndikapita nayo pa Lizulu tsiku la msika ndibwerako ndi ndalama dzuwa lisanalowe, chithunzi ndikapita nacho kuti? Komanso mvula yayamba, alendo amachuluka nthawi ya chilimwe, pano mpaka Epulo magalimoto awo ndi owerengeka, nde tisanamizane kuti zina ziwirizo zigulidwa mawa

Aphunzitsi: Ndilankhuleko pang'ono. Pa za ndalama Nabanda sakunama, ngongole ibwezedwe yonse ndi chindapusa chomwe, pamenepo palibe zokambirana. Koma mawu oti chithunzi si katundu andiwawa, makamaka kunenedwa ndi ife a ku Dedza. Kuno ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pa miyala, zofiira zija za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa za chinamwali ndi gule, mu 2006 UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, anthu amakwera ndege kudzaona zimenezo ku Mphunzi ndi ku Chentcherere. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, osema ndi ojambula ophunzira kumeneko aphunzitsa ana ndi ntchito ya manja yomweyi. Ngakhale alendo oima pa Dedza Pottery amaimira chani, si luso? Ine ndinalowamo mu galale mwa anyamatawa mwezi watha, chithunzi chili chonse chili ndi dzina la mwini wake ndi mtengo, buku la malonda lilipo, lisiti amalemba. Ndi gulu ngati lathu lomweli, kusiyana kwake iwo amasonkha zithunzi. Mukamulanda njinga mnyamatayu matabwa azinyamula pamutu, nde mwathandiza ndani

Nabanda: Aphunzitsi mbiri ya Chongoni ndaimva ndipo sindikunyoza ntchito ya mwanayu, amayi ake ndi anzanga a ku Mvano. Chimene chikundipweteka ine nchoti miyezi iwiri yathunthu sanabwere ku msonkhano kudzanena zimenezi. Tikanadziwa. Ife timangoona mpando wopanda munthu

Phiri: Pamenepo ndalakwa amayi, manyazi anandigwira kubwera chimanjamanja. Pepani

Mayi Tcheya: Zikomo nonse. Ndamva mbali zonse ndipo cholakwa changa cha 15 ija ndachivomera, ine ndi a Msungichuma tilipira chindapusa K2,000 aliyense chilowe mu thumba la zadzidzidzi. Tsopano tiwerengere limodzi. Pa K260,000 galale ichotsa K78,000, a Phiri atsala ndi K182,000. Ngongole ndi K220,000, ndiye kuti ikuperewera K38,000. Maganizo anga ndi awa, K182,000 isadutse mmanja mwa a Phiri, wosunga ndalama wa galale atumize yekha pa Mpamba ya gulu tsiku lomwe wogula wamaliza. K38,000 tidule ku masheya awo pogawana

Make Tadala: Nanga wogulayo akapanda kubwera? anthu a mtauni mawa lawo silitha

Bambo a Yamikani: Ndi pomwe pali nkhani pamenepo. Pakhale tsiku

Mayi Tcheya: Tsiku ndi pa 10 Disembala. Likadutsa, masheya awo onse ndi phindu lake zitsala m'bokosi, njinga ibwera kwa ine, ndipo yotsalayo alemberana ndi gulu pamaso pa a mfumu. Achimwene mukuti bwanji

Phiri: Ndavomera amayi. Ndalankhula ndi anzanga pompano, akuti wosunga ndalama wathu abwera Lachinayi ndi buku la malonda ndi lisiti ya dipoziti kuti muone nokha, asayinanso kalatayo. Chindapusa K10,000 ndiyesetsa ndibweretse Lachinayi lomwelo, ndili ndi ganyu yolemba chikwangwani cha golosale

Mlembi: Mukabweretsa 10 imeneyo yodula ku masheya itsika kufika K28,000. Ndalemba

Nabanda: Lisitiyo ndikufuna ndiione ndi maso anga, ikhale ndi deti. Ndipo nkhani yanga ya chaka chatha ija ya chiwongola dzanja choberekana muiikenso pa ajenda, sindinaiwale

Mayi Tcheya: Iikidwa mayi, ikhala yachiwiri. Lachinayi 2 koloko pakhonde pa Make Tadala, osunga makiyi nonse atatu musachedwe, a Mlembi mubwere ndi buku la chaka chatha lomwe